Funsani za Umoyo: Kodi tigulitse ng'ombe kuti atate aikidwe kachipangizo ka mtima?

Funso

Adokotala, ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Atate anga ali ndi zaka 63 ndipo ndi mlimi cha ku Mtenguleni. Kuyambira dzinja lathali akutupa miyendo, ndipo kungochoka pakhomo kukafika kukhola amachita befu. Usiku sagona chagada, amatsamira khoma mpaka kucha. Kuchipatala anawaunika ndi makina oonetsa mtima otchedwa eko, papepala n'kulemba kuti EF 28%, ndipo anatiuza kuti mtima wakula komanso wafooka. Mapiritsi anayamba kumwa masabata asanu apitawa. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti mnzawo wakuntchito anaikidwa kabatire pachifuwa ndipo tsopano akuyenda ngati mnyamata. Akuti tigulitse ng'ombe kuti atate nawonso akaikidwe. Amayi akukana, akuti ng'ombezo ndizo zimatilimira. Pabanja sitikulankhulana bwino. Kodi kachipangizoka kangawathandize?

*Mphunzitsi wodandaula, Kapata*

Yankho

Aphunzitsi, ng'ombezo zikhale kaye m'khola. Achimwene anu sakunama ayi. Kachipangizoka kalipodi, ndipo pali anthu amene kanawadzutsa pamphasa. Koma kamathandiza ena mwa odwala mtima, osati onse, ndipo pepala limene mwandiuzalo silikwanira kusonyeza ngati atate anu ali m'gulu limenelo. Pepala lofunika kwambiri simunalitchule n'komwe. Ndi la ECG, lija la timabokosi ting'onoting'ono, limene amajambula atamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo.

Tiyambe ndi 28 yo. EF ndi muyeso wa magazi amene chipinda chachikulu chakumanzere kwa mtima chimatulutsa chikagunda kamodzi. Mtima wabwino umatulutsa kuposa theka la magazi amene ali m'chipindacho, pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Madokotala amayamba kuganiza za kachipangizoka EF ikakhala 35 kapena kutsika apo, ndiye 28 ya atate anu ikuwalowetsa m'nkhaniyi. Komatu nambalayi ikungotiuza kuti mtima wafooka. Sikutiuza ngati mbali za mtimawo zikufinya nthawi imodzi kapena ayi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Mtima uli ndi magetsi akeake. Amayambira m'chipinda cham'mwamba chakumanja, n'kutsika, kenaka n'kugawikana m'nthambi ziwiri, ina yopita kumanja, ina kumanzere, kuti zipinda ziwiri zam'munsi zifinye pamodzi. Mwa odwala ena nthambi yakumanzere imatsekeka. Magetsi amafikabe kumanzereko, koma mozungulira ndi mochedwa, moti khoma lina la chipindacho limafinya linzake lisanayambe, ndipo linzakelo likamafinya, loyamba lija latakasuka kale. Magazi amangokankhidwira uku ndi uku m'malo motuluka. Atate anu ndi mlimi, amvetsa msanga mukawauza chonchi: ng'ombe ziwiri pagoli, ina ikamakoka inzake isananyamule mwendo, pulawo imapotoka ndipo zonse zimatopa mzere usanathe. Kachipangizoka ndi munthu woziyendetsa kuti ziponde pamodzi. Ngati zikuponda kale pamodzi koma zonse n'zowonda, woyendetsayo alibe chimene angawonjezere.

Chithandizo chimenechi amachitchula kuti CRT. Kabokosi kochepa amakaika pansi pa khungu m'munsi mwa phewa, nthawi zambiri munthu ali maso, atangomubaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo. Kuchokera m'kabokosimo mawaya atatu amadzera mumtsempha kukafika mumtima: wina m'chipinda cham'mwamba chakumanja, wina cham'munsi chakumanja, ndipo wachitatu amamulowetsa mumtsempha wodutsa kumbuyo kwa mtima kuti akagwire khoma lakumanzere lochedwa lija. Wachitatuyo ndiye wovuta kuika, ndiponso ndiye amasiyanitsa CRT ndi zipangizo zina. Pali pacemaker wamba, wa anthu amene mtima wawo umagunda pang'onopang'ono kwambiri. Palinso ICD, imene imadikira kuti mtima ukasokonekera moopsa iwumenye ndi magetsi kuti ubwerere m'malo mwake. Zonsezi anthu amangoti kabatire, ndipo kunja chipsera chake n'chofanana. Achimwene anu amufunse mnzawoyo kuti anaikidwa chiti, chifukwa mwina matenda ake ndi a atate anu sakufanana m'pang'ono pomwe.

Tsono tengani pepala la ECG. Pamwamba pake makina ambiri amasindikiza manambala. Funani pamene palembedwa QRS, pali nambala yotsatiridwa ndi zilembo ms. Imeneyo ndi nthawi imene magetsi amatenga kufalikira m'zipinda zam'munsi, ndipo 1,000 ms ndi sekondi imodzi. Mwa munthu wabwinobwino sipitirira 120, kutanthauza timabokosi titatu tating'ono papepalalo, popeza kabokosi kalikonse ndi 40. Ikafika 150 kapena kupitirira, ndipo dokotala n'kuona kuti kaonekedwe ka mzerewo n'ka nthambi yakumanzere yotsekeka, chimene amalemba kuti LBBB, munthuyo ndiye amene kachipangizoka kanapangidwira. Pakati pa 130 ndi 149 phindu limachepa. Mzere ukakhala wotambalala, kutanthauza kuti nambala ya QRS ndi yaikulu, koma osati wa LBBB, limacheperanso. Pansi pa 130 sakaika n'komwe. Umu ndi mmene malangizo a bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya, European Society of Cardiology, a chaka cha 2021 amanenera.

Malire amenewa sanangowalota. Mu 2005 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CARE-HF, wa odwala 813 a ku Ulaya amene mitima yawo inali yofooka ndipo QRS yawo inali yotambalala. Patapita zaka pafupifupi ziwiri ndi theka, mwa amene ankangomwa mankhwala anamwalira 30 pa 100 alionse, pamene mwa amene anaikidwanso CRT anamwalira 20. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuti muganize kuti ndikunyoza kachipangizoka. Koma poona zimenezo madokotala ena anafuna kuti kathandizenso odwala a QRS yopapatiza. Anayesa m'kafukufuku wotchedwa EchoCRT, wa odwala 809 amene QRS yawo inali pansi pa 130. Onse anaikidwa kachipangizo, koma theka okha ndi amene anawayatsira CRT. Kafukufukuyo anaimitsidwa m'njira mu 2013. Phindu silinaoneke, ndipo mwa amene anawayatsira anamwalira 45, pamene mwa enawo anamwalira 26. Kuika kachipangizoka mwa munthu wosayenera si kungotaya ndalama chabe, kungathe kumufupikitsira moyo. Ichi ndicho ndikufuna achimwene anu amve.

Ngakhale mwa osankhidwa bwino, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse saona kusintha kwenikweni. Madokotala akhala akufunafuna njira yodziwiratu. Anaganiza kuti makina a eko, popeza amaonetsa makoma a mtima akuyenda, angalosere bwino kuposa ECG. Kafukufuku wa PROSPECT, amene anatuluka mu 2008, anayesa miyeso 12 ya eko pa odwala 498, ndipo panalibe muyeso ndi umodzi womwe wodalirika mokwanira. Akatswiri awiri poyang'ana chithunzi chimodzimodzi ankapeza manambala osiyana. Ine zimenezi zimandilimbitsa mtima, chifukwa zikutanthauza kuti chida chimene chimalosera bwino mpaka lero ndi ECG, chotsika mtengo chija, chimene munthu wa ku Chadiza kapena ku Petauke angathe kuchifikira osagulitsa mbuzi.

Pali zinanso zimene dokotala amayang'ana. Azimayi amapindula kuposa azibambo, makamaka a LBBB. Mtima umene unafooka popanda kutsekeka kwa mitsempha yake umayankha bwino kuposa umene unapwetekapo kale n'kusiya chipsera chachikulu, chifukwa mnofu wa chipsera sufinya ngakhale magetsi aufikire pa nthawi yake. Munthu amene mtima wake umagunda mosalongosoka, matenda amene amalemba kuti AF, amavuta chifukwa kugunda kwake kumapikisana ndi kachipangizoka, ndipo CRT imagwira bwino ikamatsogolera pafupifupi kugunda kulikonse. Impso zikakhala zitawonongeka kwambiri, kapena mapapo, phindu limachepa. Ndipo ngati chimene chafooketsa mtima ndi zitseko zake zoletsa magazi kubwerera m'mbuyo, zimene zinawonongeka ndi matenda a zilonda zapakhosi paubwana, chofunika ndi kukonza chitsekocho, osati kuika mawaya. Kuno kwathu mfundo imeneyi si yaing'ono. Kafukufuku wa THESUS-HF wa 2012, wa odwala oposa 1,000 m'maiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti BP ndiyo inali gwero lalikulu la kufooka kwa mtima, pafupifupi 45 peresenti, zitseko zowonongeka zinali 14 peresenti, ndipo kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, kumene kwachuluka ku Ulaya, sikunafike ndi 10 yomwe. Odwalawo anali a zaka pafupifupi 52, anthu olera ana.

Tsopano za masabata asanu aja. N'ngochepa. Lamulo lake n'lakuti munthu ayambe wamwa mankhwala oyenera, pa mlingo woyenera, kwa miyezi itatu kapena kuposa, kenaka aunikidwenso. Mitima yambiri, makamaka yofooka ndi BP kapena mowa, imabwererako ndi mankhwala okha, EF n'kukwera kudutsa 35, nkhani ya kachipangizo n'kuthera pomwepo. Yang'anani m'kathumba ka mapiritsi a atate anu. Furosemide, uja wokodzetsa, amachotsa madzi ndi kuchepetsa befu, ndipo odwala amamukonda chifukwa ntchito yake imaoneka tsiku lomwelo. Koma amene amakonza mtima weniweniwo ndi ena, osaonetsa changu: enalapril kapena anzake, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndi atsopanowa monga dapagliflozin kapena empagliflozin. Amayambira pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, uku akuyeza BP ndi magazi a impso. Chimene chimandipweteka kwambiri pantchito yanga ndi kuona munthu amene wakhala chaka chathunthu pa mlingo woyambira, kapena amene miyendo itaphwa anasiya zonse n'kutsala ndi wokodzetsa yekha, achibale ake ali kalikiliki kusonkha ndalama za ulendo wa kunja. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala funsani mwaulemu kuti: kodi mankhwalawa akwana, nanga mlingo ukwezedwa liti?

Kunyumbako amayi anu ali ndi gawo lalikulu. Mchere uchepe, ndipo mcherewo si wa m'mbale wokha: kapenta wouma ayambe wanyikidwa n'kutsukidwa, soda wa m'therere achepe, timibulu tokometsera ndiwo tisiyidwe. Atate asamwe diclofenac kapena brufen msana ukawawa, chifukwa mankhwala amenewa amasunga madzi m'thupi ndipo amapweteka impso. Mowa ausiye. Ngati mungapeze sikelo, azidziyeza m'mawa uliwonse. Thupi likakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, apite kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa pakhadi.

Miyezi itatuyo ikatha, EF ikadali 35 kapena pansi, befu likadalipo, ndipo ECG ikusonyeza LBBB ya 150 kapena kuposa, pamenepo ineyo ndidzakhala woyamba kunena kuti pemphani kalata ku Chipata Central Hospital yokaonana ndi akatswiri a mtima ku Lusaka, ku National Heart Hospital kapena ku University Teaching Hospital (UTH). Mukakafika kumeneko musangofunsa mtengo woikira. Funsani kuti akakaika, adzakayang'anira ndani, chifukwa kamafunika kuunikidwa ndi makina akeake miyezi ingapo iliyonse, ndipo makinawo amayenderana ndi kampani imene inakapanga. Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, ulendo wa tsiku lonse pabasi kwa munthu wodwala mtima. Batire lake limatha pakapita zaka zingapo ndipo kabokosi konse kamasinthidwa ndi opaleshoni ina. Bala likhoza kulowa tizilombo, waya akhoza kusuntha. Ngati atate analembetsa ku NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, kafunseni kuofesi yawo zimene angalipire musanapange chiganizo chilichonse. Zonsezi si zoopseza, ndi zimene banja liyenera kudziwa lisanaitane wogula ng'ombe.

Kanthu kena kakang'ono: pepala la ECG limafufutika likakhalitsa, makamaka likatenthedwa m'thumba kapena padzuwa. Ambiri amabwera atasunga bwino pepala la eko m'pulasitiki, la ECG litayera mbee. Lijambuleni pafoni lero lomwe, manambala a pamwamba aja aoneke bwino, ndipo mutumizireko achimwene anu pa WhatsApp limodzi ndi yankho lino. Iwo ali kutali, ndipo munthu wakutali amafuna kuchitapo kanthu kooneka. Ndalama zimene ali nazo zigwire ntchito yogula mapiritsi akasowa, yoyezetsa magazi, ndi ya eko yachiwiri ija.

Funso

Ndili ndi zaka 27. Ndinabereka mwana wachiwiri miyezi iwiri yapitayi, ndipo patangopita masabata ochepa ndinayamba kubanika ndi kutupa. Akuti mtima wanga wafooka chifukwa cha uchembere. Mayi wina pamzere anandiuza kuti matenda amenewa mapeto ake ndi kuikidwa makina pachifuwa. Ndikuopa kwambiri.

*Mayi wa ana awiri, Katete*

Yankho

Amayi, pepani ndi mantha amenewa pa nthawi imene mukanayenera kumangosangalala ndi khanda. Mnzanu wa pamzereyo anakuuzani zimene sizichitika kwa ambiri. Kufooka kwa mtima kobwera kumapeto kwa pakati kapena miyezi yoyamba munthu atabereka kumadziwika bwino, ndipo kumapezeka kwambiri mwa azimayi a mu Africa kuposa a kwina. Mwa mitundu yonse ya kufooka kwa mtima, uwu uli m'gulu la imene imabwerera kawirikawiri. Azimayi ambiri mtima wawo umalimbanso m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi akamamwa mankhwala mosadumphitsa, ena zimatenga chaka kapena kuposa. N'chifukwa chake madokotala safulumira kuika kachipangizo mwa munthu ngati inu. Kuika mawaya mumtima umene ukanachira wokha n'kumusenzetsa mtsikana wa zaka 27 katundu wa moyo wonse.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi. Auzeni adokotala kuti mukuyamwitsa kuti akusankhireni mankhwala oyenera. Musasiye kumwa mukayamba kumva bwino, ngakhale eko itaonetsa kuti mtima wabwerera, mpaka adokotala atanena okha. Ndipo nkhani yovuta, imene ndikufuna mukaimve muli limodzi ndi amuna anu: musatenge pakati pena mtima usanaunikidwenso. Ngati sunabwerere bwino, pakati pena pangathe kukuphani, ndipo ena mwa mankhwala amene mukumwa amavulaza mwana m'mimba. Pitani kwa a zakulera sabata ino, muwauze za matenda anu a mtima, chifukwa mapiritsi ena olera sayenera kwa inu. Apongozi akayamba kufunsa za mwana wachitatu, amuna anu ndiwo ayankhe.

Funso

Agogo anga aakazi, a zaka 74, agwa kawiri mwezi uno. Amangoti zii kwa kanthawi kenaka n'kudzuka. Kukiliniki anapeza kuti mtima ukugunda ka 34 pa mphindi. Ena kumudzi akuti ndi khunyu, ena akuti ndi ukalamba. Tidikire?

*Mdzukulu, Lundazi*

Yankho

Musadikire, mdzukulu. Aphunzitsi a ku Kapata ndawauza kuti adekhe, koma inu ndikukuuzani kuti munyamuke. Mtima wa munthu wamkulu akapuma umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Kugunda ka 34 pamodzi ndi kukomoka kumasonyeza kuti mwina magetsi ochokera m'zipinda zam'mwamba sakufika m'munsi, ndipo nthawi zina mtima umaima kwa masekondi angapo, ubongo n'kusowa magazi. Tsiku lina sangadzuke, kapena angagwere pamoto.

Apite kuchipatala chachikulu kumene angajambulidwe ECG, ndipo mutenge mankhwala onse amene akumwa, a kuchipatala ndi azitsamba omwe. Atenolol, carvedilol ndi digoxin amatha kuchedwetsa mtima, ndipo mchere wa potaziyamu ukachuluka m'magazi chifukwa cha impso umachitanso chimodzimodzi. Zimenezo zimakonzeka popanda opaleshoni. Zikapanda kupezeka, ndipo ECG n'kusonyeza kuti njira ya magetsi yatsekekeratu, chithandizo chake ndi pacemaker wamba, wa waya mmodzi kapena awiri. Apa palibe zolosera ngati za CRT zija: pafupifupi aliyense wa matenda amenewa amapindula, ndipo kukomoka kumatha. Zaka 74 si chifukwa chowakanizira. Munthu woyamba kuikidwa pacemaker m'thupi, Arne Larsson wa ku Sweden, anaikidwa mu 1958 chifukwa cha kukomoka kotereku, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2001.

Pamene mukukonza ulendo, agogo asapite okha kuchitsime kapena kudimba, asaphike okha, ndipo usiku pakhale munthu wogona nawo m'nyumba. Akakomoka osadzuka msanga, kapena akayamba kumva kupweteka pachifuwa, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.